Anagwa Poyambitsa Nyimbo

Titabwerako ku Malawi komwe tinathawira nkhondo, amuna anga ndiwo anaumba njerwa za tchalitchi chathu ku Itepela, nyumba yathu ikadali chisakasa. Ndikunena zimenezi kuti mumve chifukwa chake mtima ukundiwawabe mpaka lero.

Patapita zaka, mkodzo unayamba kuwavuta. Ankaima kuseri kwa nyumba nthawi yaitali, kumangotuluka timadontho. Tinakwera chapa, minibasi ya kuno, mpaka ku Cuamba. Kuchipatala anati kachiwalo kena ka amuna pansi pa chikhodzodzo katupa, komanso magazi akuthamanga, matenda amene kuno timati tensau. Anawapatsa mapilisi a mtundu umodzi ogwira konsekonse. Wopereka mankhwala anayankhula Chipwitikizi chothamanga, amuna anga n'kumangovomera kuti "sim, sim". Ife Chipwitikizi tikanachidziwira kuti? Zoti mapilisiwo ngomwa pogona, ndipo munthu azidzuka pang'onopang'ono poti amachititsa chizungulire, tinazimva mochedwa.

Lamulungu lina anamwa mapilisiwo m'mawa. Atati aimirire kuti ayambitse nyimbo m'tchalitchi, anangoti khu! pansi. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Akulu a mpingo, anthu oti tinkaima nawo mzere umodzi polandira ufa kumsasa wa othawa nkhondo, anagamula kuti ndi kachasu. Munthu woti ngakhale thobwa logona sankalawa! Anawachotsa paudindo woyambitsa nyimbo n'kuwakhazika kumbuyo.

Ndinawachonderera amuna anga. "Bambo, auzeni za mankhwalawa."

"Ndikanene za mkodzo pamaso pa azimayi ndi apongozi? Iyayi, mayi."

Anasiya mapilisi mwakachetechete kuti aziima bwinobwino. Ampingo anayamika Mulungu kuti munthu wawo wasiya mowa. Nyengo yokolola anagwa kumunda, mbali imodzi n'kufa ziwalo, pakamwa kupotoka.

Akulu aja anabwera kudzawapempherera pamphasa, ndipo mmodzi anati, "Ambuye, akhululukireni zakale zija." Pamenepo ndinaphulika. Ndinanena zonse, za mkodzo, za kutupa, za mapilisi, mokweza mpaka azimayi amene anali panja anamva. Akuluwo anazyolika n'kumatuluka mmodzimmodzi, osatsanzika.

Ndinacheuka poganiza kuti amuna anga mtima wakhala pansi. Anali atayang'ana kukhoma. Ndinawabweretsera phala, anakana kutsegula pakamwa. Anthu amene anawanamizira aja, amuna anga sanawakwiyirepo ndi tsiku limodzi lomwe. Anakwiyira ine.