Nsalu ya thumba la fulawa

Ndikangomva fungo la phula likusungunuka, ngakhale la kandulo ya kutchalitchi, maganizo anga amapita kwa Mai Shanta. Ndimawaona atakhala pakampando kuseri kwa sitolo ya amuna awo, kachitini ka phula kali pamakala, utsi ukuwalowa m'maso, zibangili zikulira akamatembenuza nsalu. Iwo anali amwenye. Ife tinkakhala kuseri kwa mpanda wawo, chifukwa atate ankasoka pakhonde la sitoloyo asanapite kunkhondo. Apo n'kuti Chipata akuitchula Fort Jameson.

Ntchito yawo ndinamva nditakula kuti dzina lake ndi batiki. Ankaviika kamtengo kokulunga thonje m'phula lotentha, n'kumajambula maluwa pansalu yoyera, kenako n'kuinyika mu utoto. Pamene pali phula utoto sulowa. Ndiye akaiwiritsa nsaluyo phula n'kuchoka, maluwa aja ankatsala oyera. Ankati anaphunzira kwa amayi awo kwawoko.

Chaka china nsalu zinasowa, ndi m'sitolo momwe. Khirisimasi itayandikira, amama anandisomolera thumba la fulawa kuti ndivale. Anachapa, anachapanso, koma zilembo zake zofiira zinakana kuchoka. Nditalivala popita kumadzi, mnzanga Velonika anayamba pamaso pa atsikana onse.

"Agata, tatembenuka tione. Ndiwe wa buledi kapena wa mandasi?"

Ndinabwerera kunyumba n'kunena kuti ku Misa ya Khirisimasi sindipita. Chonsecho ndinali m'gulu la atsikana okaimba kutsogolo, ndipo nyimbozo ndinkazilota ndi kutulo komwe.

"Nanga uvale masamba?" amama anatero.

Mai Shanta anamva ali kuseri kwa mpanda. "Amake Agata, bweretsani thumbalo kuno. Koma phula landithera."

Agogo anga aamuna ku Kasenengwa anali ndi ming'oma ya njuchi, ndipo phula ankangotaya. Atamva, anabwera okha wapansi ndi chikho chodzaza. Koma mudziwa anthu akale. Kwa iwo kupatsa mlendo phula lokhalokha kunali ngati kumupatsa zinyalala, ndiye anasiyamo uchi wambiri dala.

"Akamalemba azinyambitako," anatero.

Mai Shanta analandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Ndimati ndikaganiza lero, mwina anaona kuti uchiwo ubweretsa vuto, kungoti sanafune kuchititsa manyazi munthu wamkulu. Komanso masiku anali atatha, nthawi yowiritsa phulalo m'madzi kuti uchi uchoke panalibe.

Tinagwira ntchito tonse awiri. Iwo ankajambula maluwa mozemba zilembo, ine n'kumadzaza m'kati mwake.

"Usapake pa chilembo," ankandiuza. "Chimene ukufuna chikhale, phimba. Chimene ukufuna chibisike, chisiyire utoto."

Kunja kunali mvula, choncho nsalu tinaiyala pamphasa m'kanyumba kawo kosungira nkhuni. M'mawa mwake tinakaipeza yakuda bii ndi nyerere. Zinatsata uchi uja, n'kuboola phula timabowotimabowo, n'kusiya tinjira pa duwa lililonse. Ine ndinangokhala pansi n'kuyamba kulira. Thumba lina kunalibe.

Mai Shanta anaikung'untha, anaiyang'ana pakuwala nthawi yaitali, kenako anaseka chapansipansi.

"Pukuta m'maso, Agata. Nyerere zalemba kale, ife tingomaliza."

Utoto wa kusitolo nawo unali utasowa. Anawiritsa makungwa a mlombwa ndi misomali yadzimbiri, n'kudikira kuti madziwo azizire, poti otentha akanasungunula phula. Ananyika, kuyanika, kunyikanso, mpaka zilembo zija zinamira. Ataiwiritsa, ndinaona maluwa akutuluka oyera, koma lililonse lili ndi timadontho ndi timizere ngati mitsempha ya tsamba. Mai Shanta anati iwo ndi kamtengo kawo sakanatha kulemba zing'onozing'ono chotero.

Tsiku la Khirisimasi tili pamzere panja pa tchalitchi, Velonika anatsina nsalu yanga ndi zala ziwiri.

"Iwe, imeneyi ndi ya kuti?"

"Ya mandasi," ndinatero.

Tinaseka tonse mpaka asisitere anatiyang'ana, kenako tinalowa, ndipo ndinaimba. Agogo atamva za nyerere anangoti, "Nanga si ndinanena kuti uchi uzikhalamo."

Mai Shanta anasamuka nkhondo itatha, sindinamvenso za iwo. Nsaluyo ndinaberekera mwana wanga woyamba. Kachidutswa kotsala ndimavundikirira makina anga osokera pamsika wa Kapata. Utoto unasuluka, moti dzuwa likawomba chilembo chimodzi chofiira chimaoneka pakati pa maluwa. Ana anga amati ndikataye, kapena ndizikatembenuza. Ine ndimakayala chilembo chili pamwamba.