Mkulu Amene Amati Mvula Inathawa Matipate

Aneba a mphunzitsi Faines Kachiwanda ku Chisepo ndi mkulu wa mpingo, mlimi wa fodya wa chikopa. Chichitikireni chisankho cha 1994, ali ndi yankho limodzi pa vuto lililonse. Mvula ikachedwa, ndi matipate. Chitsime chikaphwa, ndi matipate. Amanena zimenezi nkhwangwa ili paphewa, akupita kuphiri kukagwetsa misuku yofukizira fodya, pamwamba penipeni pa kasupe wa mudzi wonse.

Tsiku lina Faines zinamukwana. Anawaimitsa panjira n'kuwatambasulira nyuzipepala yokhala ndi chithunzi cha mzere wokwera ngati msewu wa ku Ntchisi.

"Bambo, mzerewu ukusonyeza mpweya wochokera ku utsi, womwe ukutenthetsa dziko. Mitengo ndiyo imaumwa. Asayansi amauyeza chaka ndi chaka, ndipo ukungochuluka. Anayamba kuyeza mu 1958, matipate kulibe!"

Mkuluyo anavala magalasi, natsata mzerewo ndi chala mpaka poyambira.

"1958? Aphunzitsi, si chaka chomwe misonkhano ya ndale inafika kuno? Ndimanena ine! Mundibwereke pepalali ndikawaonetse anzanga."

Analipinda bwinobwino, nakweza nkhwangwa paphewa, ulendo wa kuphiri.