Tsiku Limene Ndinaulula Kumene Tiyamike Ankapita

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zinayi. Tinali titangosamukira ku Lufita kuchokera ku Ntcheu, abambo atawatumiza kukaphunzitsa kumeneko, maliro a amayi asanathe n'chaka chomwe. Mkulu wanga Tiyamike, wondiposa ndi zaka ziwiri, anasintha. Sankadya bwino, kuseka anasiya, ndipo ankatha kukhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka akungoyang'ana msewu wa fumbi.

Lachitatu lililonse masana ankati akupita kukwaya. Ntchito zake zonse zinkagwera ine, kutunga madzi ndi kutsuka mbale komwe, ndipo zinkandiwawa. Ine ndinabadwa wapakamwa, sindibisa. Tsiku lina ndinamutsatira chapatali, ndipo ndinamuona akupitirira tchalitchi n'kukalowa m'kachipinda ka achinyamata kuseri kwa chipatala. Mtima wanga unati myaa, ndinamugwira.

Madzulo ake ndinauza abambo, n'kuthirako ndi mchere womwe. Iwo anaganiza za mimba. Kutacha anatitenga tonse awiri mpaka kuchipatala, ine ngati mboni, ndikuyenda monyada nditavala diresi langa la Lamulungu.

Tinapeza namwino wachikulire wa komweko, pabenchi pali anthu ambiri odikira. Namwinoyo anawapatsa moni wa Chitumbuka, koma abambo anangolunjika pankhani.

“Mwana wangayu amadzatani kuno? Ndani anamuloleza?” anafunsa mokweza mawu.

“Aphunzitsi, tiloweko m'kati,” anatero namwinoyo. “Mwana wa msinkhu uwu ali ndi ufulu wobwera yekha kudzalandira uphungu. Zimene timakambirana sindingakuuzeni pokhapokha mwini wake atalola.”

Abambo anakana kulowa. Anaumirira pomwepo pamaso pa anthu, mpaka Tiyamike anayankha yekha, maso ali pansi. Anati chimwalirireni amayi sagona, ndipo nthawi zina amalakalaka atangowatsatira. Ankabwera kuti wina amumvere.

Abambo anavula chipewa n'kuyamba kuchipindapinda m'manja. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Pasanathe masiku atatu, sukulu yonse inkamutcha wamisala. Abambo, atamvetsa, anamupempha kuti apitirize kukaonana ndi namwino uja, ngakhale kumuperekeza anadzipereka. Namwinoyonso anatumiza uthenga kawiri. Tiyamike anakana. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Anangondiuza tikuyanika zovala kuti, “Malo amodzi okha amene ndinkapumirako, iwe wawatseka.” Teremu imeneyo sanaimalize, anabwerera ku Ntcheu kwa azakhali.

Lero ndikumvetsa chifukwa chake wachinyamata amafunika kuloledwa kukafuna yekha thandizo la maganizo. Si kuti makolo ndi adani. Abambo ankamukonda Tiyamike, koma nawonso anali ndi chisoni chawo, ndipo iye sankafuna kuwasenzetsa china. Anali atapeza yekha njira yodzipulumutsira, mwana wamng'ono m'dera lachilendo, ine n'kumuwonongera chifukwa cha ndowa ziwiri za madzi. Manyazi amenewa sanandichokebe.

Tiyamike ali moyo, ali ndi ana atatu ndipo amasoka zovala. Ndinalimba mtima n'kumupepesa tili akuluakulu kale. Anati anandikhululukira kalekale, n'kupitiriza kusoka. Kenaka anaimitsa makina.

“Koma mpaka pano,” anatero, “ngakhale ndikudwala malungo, sindilowa pachipata cha chipatala ndisanacheuke.”