Chala cha Ababa

Ababa anagwa m'dimba chaka chimene madzi anachedwa kuphwa, sitima ya pamtunda itangoyamba kumene kufika ku Chiromo. Ankabzala chimanga m'matope, amayi ali pambuyo pawo kukwirira. Anabwera nawo kunyumba atawanyamula pamphasa. Patapita masiku atatu anatsegula maso, koma dzanja lamanja ndi mwendo zinali zitafa, kukamwa kutapotokera mbali imodzi, mawu atathawa.

Munthu amene ankati akaitana bwato ali tsidya lino la Shire a tsidya linalo n'kumva, anatsala ndi liwu limodzi lokha: "Uyu." Madzi anali uyu, fodya uyu, kuseri uyu. Chodabwitsa n'chakuti nyimbo yopalasira bwato ankaiimba yonse osaphonya, ndipo akapsa mtima chitukwano chinkatuluka bwinobwino, mpaka obwera kudzazonda matenda n'kuyang'ana pansi. Koma dzina langa, ine mwana wawo wachisamba, linkawakanika. Ankalisaka mpaka thukuta kamukamu, kenako n'kumenya mphasa.

Nzeru zinalimo zonse. Anthu ankawalankhula mokuwa ngati gonthi, ena n'kumakambirana za maliro awo ali pomwepo, iwo akumva. Amayi okha ndiwo anaphunzira zonena za dzanja lawo lamanzere. Kukhudza mphuno kunali fodya. Kupinda chikhatho kunali madzi, koma akachipinda n'kuchigwedeza ndiye kuti akufunsa ngati mtsinje wakwera. Akakanda pansi ndi zala amafunsa za kudimba. Amayi ankatchula zinthu chimodzichimodzi, osafulumira, mpaka ababa atawagwira pamkono kusonyeza kuti apeza. Tsiku lina ndinawapeza awiriwo akuseka mpaka misozi, ababa akutsanzira ndi phewa limodzi kayendedwe ka mlaliki wina wa kwathu.

Akafuna amayi ankatukula chala, n'kuwalunjika nacho, uku akuti, "Uyu! Uyu!" Nkhope yopotoka ija inkaoneka ngati ya munthu wokwiya, ndipo chigwereni misozi sinkachedwa kutsika. Ine ndinkadziwa tanthauzo lake. Ankatanthauza kuti asachoke, abwere akhale apa.

Azakhali, mlongo wawo wamkulu wa ababa, anafika kuchokera ku Nsanje mwezi wachiwiri. Amayi anali mlendo pamudzi pathu. Ababa anawalowola kuchokera kutsidya kwa Ruo, ndipo azakhali sanawakondepo chiyambire. Atangoona chala chija kawiri katatu, anatsimikiza kuti munthu samangidwa lilime popanda womumanga, ndipo wodwala akuonetsa yekha amene anachita. Anasonkhanitsa abale pakhonde, n'kuimika amayi pakhomo.

"Alongo, tiuzeni," anatero azakhali. "Wakuchitani zimenezi ndani?"

Ababa anaona mkazi wawo ataimikidwa padzuwa ngati wakuba. Anachita zimene ankachita tsiku lililonse akamufuna pafupi. Anatukula chala, akulira, nati, "Uyu."

Anthu anang'ung'udza. Ababa atazindikira chimene chachitika, anayamba kupukusa mutu, kumenya mphasa, kukokera dzanja pachifuwa. Azakhali anati taonani mmene mtima ukuwawawira. Kenako chitukwano chija chinatuluka, ndipo aliyense anaganiza kuti akutukwana amayi.

Boma linali litaletsa mwabvi, choncho anamwetsa nkhuku m'malo mwa amayi, kuseri kwa mabango, m'mawa kusanatenthe. Nkhukuyo sinasanze. Inazungulira kawiri n'kugwa, ndipo abale anati mfiti ndi amayi. Mpaka lero ndimakwiya ndikaganiza kuti moyo wa mayi anga anauika m'khosi mwa nkhuku yowonda imene ikanafa ngakhale ndi madzi a mchere.

Koma mkwiyo wanga waukulu suli pa nkhuku kapena pa azakhali. Asanagamule, m'bale wina wachikulire anati afunse ine, poti ndinkakhala nawo tsiku ndi tsiku. Ndinali mayi kale, ndi khanda kumsana, wokwatiwa pamudzi womwewo. Apongozi anga anali atandinong'oneza dzulo lake kuti mwana wa mfiti amayamwira ufiti kubere, ndipo ndikaikira kumbuyo amayi ndipita nawo limodzi, mwana n'kutsala, poti ndi wa kuchimuna. Anandifunsa kuti chala chija chimatanthauza chiyani.

Ndinayankha kuti, "Kaya, azakhali. Ine sindimva zimene amanena."

Amayi sanandiyang'ane. Anamanga mtolo wawo, mphika umodzi ndi nsalu ziwiri, n'kupempha kuti atsanzikane ndi mwamuna wawo. Anawakaniza. Anakwera bwato dzuwa lili pamutu, ababa akukuwa m'nyumba mpaka mawu kusasa. Azakhali anakhala sabata imodzi, n'kubwerera kwawo ali okhutira kuti apulumutsa mlongo wawo. Ntchito yosambitsa ababa ndi kuwatembenuza anasiyira ine, amene ndinanena pagulu kuti sindiwamva.

Ndinkawamva bwino lomwe, ndipo iwo ankadziwa. Anakhala ndi moyo zaka zina zitatu. Phala ankalandira, fodya ankalandira, koma zofunsa za mtsinje ndi za kudimba zinatha. Dzanja linkangogona pabondo. Pamudzi ankati matenda akula. Ine ndinkaona kuti munthu wangosiya kulankhula nafe.

Mvula yachiwiri isanathe, uthenga unabwera ndi anthu ogulitsa nsomba zouma kuti amayi anamwalira kwawo, ndipo anaikidwa kale. Abale anagwirizana kuti wodwala asauzidwe. Ine ndinalephera kupirira. Ndinalowa masana, ndinagwada pafupi ndi mphasa, n'kuwauza. Anatseka maso nthawi yaitali. Ndiye ndinayamba kufotokoza za tsiku lija, za apongozi, za khanda, za mantha amene ndinali nawo. Mawu ankangotuluka, ambirimbiri, osavuta m'pang'ono pomwe.

Ababa anatukula dzanja lamanzere pang'onopang'ono. Ndinasendera pafupi, ndikuganiza kuti akufuna kundigwira pamutu monga ankachitira ndili wamng'ono. Anaika chikhatho pakamwa panga, n'kukanikiza, osachichotsa mpaka nditakhala chete.