Simukhadi ya anduna inandichotsa pachikamwini

Inu owerenga, ine ndinalola kuti chiphaso changa cha unzika chilembetsere nambala ya foni yomwe sindinaimbirepo ngakhale kamodzi. Lero ndikugona m'kachisakasa kudoko la Kachulu, pamene ana anga ali kumudzi komwe sindiloledwa kupondako. Sindibisa, ndidakali wokwiya. Anandichita chipongwewa si adani ayi, ndi anthu amene ndinkadya nawo m'mbale imodzi.

Kwathu ndi ku Phalombe, koma ndinakwatira kuno kwa Mwambo ndipo ndinakhala pachikamwini monga timachitira tonse. Nyumba ndinamanga pamalo a akuchikazi, mpunga ndinkalima pamunda wa mkazi wanga kufupi ndi Likangala, ndipo masiku opanda ntchito yakumunda ndinkapalasa njinga kupikula matemba kunyanja kukagulitsa pa Jali. Mulungu anatipatsa ana awiri, Enelesi ndi Yohane. Sindinali wolemera, koma ana anga sanagonepo ndi njala.

Mkazi wanga, amake Enelesi, ali ndi atsibweni awo, mlongo wa mayi awo, amene ndiwo mwinimbumba. Bambo amenewa anali phungu wa dera lathu komanso nduna ya boma. Dzina sinditchula. Akabwera kumudzi ndi magalimoto awo, mbumba yonse inkaima chilili, ndipo ine ndinkathamanga kuposa onse. Kupha mbuzi ine, kukonza mipando ine, kusunga mafoni awo akakwera pansanja kukalankhula ine. Akandiitana kuti "akamwini" pamaso pa anthu, mutu unkakula, ndinkadziona ngati nanenso ndili m'boma.

Kampeni itayamba, tsiku lina masana anandiitana kuseri kwa nyumba ya apongozi anga. Mkazi wanga anali pomwepo akupeta mpunga, ndipo anamva zonse. Anduna anati akufuna nambala ina yoti azilankhulirana ndi anyamata a kampeni, chifukwa nambala yawo yodziwika anthu opempha thandizo saipumitsa. Anati ndipite pa Jali kwa ejenti ndikalembetse simukhadi ndi chiphaso changa, ndibwere nayo. Inu amene munakhalapo pachikamwini mukudziwa kuti mwinimbumba akakutuma sufunsa kuti bwanji osatuma mwana wanu. Ndinakwera njinga, ndinajambulitsa nkhope, ndinabwera nayo simukhadiyo n'kuipereka ndi manja awiri nditanjuta.

Patapita masabata angapo, m'mafoni mwa anthu munayamba kuyenda mawu ojambulidwa pamsonkhano wachinsinsi wa nduna. Munkamveka nduna ina ikunena kuti feteleza wotsika mtengo safika chaka chimenecho, koma anthu asauzidwe mpaka ataponya voti. Dziko linatekeseka. Pawailesi nkhani inali yomweyo, kudoko asodzi ankaimvetsera mobwerezabwereza akutukwana, ine ndinkatukwana nawo. Boma linalengeza kuti lifufuza amene anatulutsa mawuwo, ndipo manong'onong'o ankaloza anduna athu, chifukwa nduna inamveka ija inali yolimbirana nayo udindo m'chipani. Otsutsa ankati atule pansi udindo, a chipani chawo chomwe ena ankati achotsedwe asanaononge chisankho.

Apolisi anandipeza m'mawa ndili kumunda, matope mpaka m'mawondo. Anandifunsa dzina, anandiwerengera nambala ina, n'kundiuza kuti nambala imeneyo ndi imene inatumiza mawu aja kwa mtolankhani, ndipo ili m'dzina langa. Anandiyendetsa kudutsa pakati pa mudzi, Yohane akuonerera ali pakhonde.

Apa ndi pomwe ndinapusa kachiwiri, ndipo kupusa kumeneku kunaposa koyamba. Ndisanafunsidwe bwinobwino ku Zomba, kunabwera dalaivala wa anduna atanyamula buledi ndi Sobo, ngati wodzazonda. Anandinong'oneza kuti bwana akuti ndivomere kuti nambala ndi yanga ndipo ndisatchule dzina lawo, chifukwa iwo akagwa palibe wondipulumutsa, koma akapambana nkhaniyi ithera m'madzi. Anati ndikumbukire kuti ana anga ndi adzukulu awo. Ndinakhulupirira. Pondifunsa ndinati nambala ndi yanga, ndipo sindinaibwereke kwa munthu aliyense. Ndinasaina ndi dzanja langali.

Ananditulutsa pabelo, ndipo ndinafika kumudzi tsiku lomwe anduna ankachititsa msonkhano waukulu pabwalo la mpira. Ndinapita, poganiza kuti akandiona adziwa kuti mkamwini wawo wasunga pakamwa. Ndinaima kumbuyo pafupi ndi amayi ogulitsa mandasi. Ndinamva ndi makutu angawa, pachimkuzamawu, akunena kuti: "Ndinasunga njoka m'nyumba. Ndinkamusungitsa mafoni anga ngati mwana wanga, osadziwa kuti otsutsa anamugula. Iyeyu si wa kuno, ndi wobwera." Anafotokoza kuti mawu aja anali m'foni mwawo chifukwa cha ntchito, ndipo ine ndinawaba pamene iwo anali pansanja. Amayi ovina anaimba nthungululu. Anthu amene anali pafupi nane anayamba kutembenuka mmodzimmodzi kundiyang'ana, ndipo ndinachoka nditazolika ndisanagendedwe.

Taganizani, ine amene uthenga wapafoni amandiwerengera ndi Enelesi ukakhala wa Chizungu, ndingadziwe bwanji kotsegula foni ya nduna? Mtolankhani ndingamudziwire kuti? Koma pa kampeni anthu safuna nzeru, amafuna woti amuloze chala. Ndinabwerera kupolisi kukanena zoona, ndipo wapolisi anangonditulutsira zomwe ndinasaina zija n'kundifunsa kuti bodza ndi liti, la dzana kapena la lero.

Chiyembekezo changa chinatsala pa munthu mmodzi, mkazi wanga, chifukwa anaona ndi maso pamene ndinkatumidwa. Akuchikazi anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse. Mchimwene wanga wamkulu anachokera ku Phalombe pa njinga, tinakhala pansi pa mtengo wa mango kwa apongozi. Anduna sanabwere, anangotumiza mawu akuti safuna kundionanso pamalo a mbumba yawo. Ndinafotokoza zonse mwandondomeko, kuyambira kuseri kwa nyumba mpaka kwa ejenti. Kenako mchimwene wanga anatembenukira kwa mkazi wanga n'kufunsa kuti: "Alamu, inu munalipo. Zimene akunena amuna anuwa n'zoona?"

Amake Enelesi anayang'ana mayi awo, kenako anayang'ana pansi. Anati: "Ine ndinali kupeta mpunga, sindinamve kanthu."

Inu owerenga, za kupolisi zinandiwawa, za pamsonkhano zinandiwawa, koma mawu amenewa ndiwo anandipha. Mkazi amene ndinamunyamula panjinga ali ndi pakati kupita naye kuchipatala mvula ikugwa, amene madzulo a tsiku lomwe ndinatumidwa lija anandiyamikira kuti atsibweni ayamba kundidalira. Ndikudziwa kuti ankaopa. Malata a nyumba ya mayi ake anagula ndi anduna, fizi ya mlongo wake amalipira ndi anduna, munda womwe timadyera ndi wa mbumba. Zonsezo ndikuzimvetsa, koma kumvetsa sikunachotse ululu. Apongozi aakazi anangoti chibale ndi fupa sichiola, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Anandipatsa njinga yanga, bulangete ndi thumba la zovala. Nyumba yomwe ndinaumbira njerwa ndekha inatsala, mpunga womwe unali utayamba kubereka unatsala, ana anatsala, poti kuno ana ndi a kwa mayi. Enelesi anandiperekeza mpaka pamsewu akulira, mpaka mayi ake aang'ono anamubweza pomukoka dzanja. Akuluakulu amati mkamwini ndi mlamba sachedwa kuterereka, koma ine sindinaterereke, anachita kundikankha.

Anduna anapambana chisankho. Kafukufuku uja sanamvekenso, ndipo mlandu wanga sunaweruzidwe kapena kuthetsedwa, ndimangopita kukaonekera kupolisi akandiitana. Ndinadikira kuti mwina tsopano atuma dalaivala uja kudzanditenga monga analonjezera. Ndinakumana naye dalaivalayo pa Jali akugula nyama, ndinamupatsa moni, anandiyang'ana ngati akuona munthu wopempha, n'kukwera galimoto.

Ku Phalombe sindinabwerere chifukwa ndikufuna kukhala pafupi ndi ana. Ndimathandiza asodzi kuyanika matemba, ndipo ndikapeza kangachepe ndimakawadikira ana panjira yakusukulu. Mwezi wathawu ndinakumana ndi Yohane atavala malaya a kampeni okhala ndi nkhope ya anduna, agogo ake aja, akumufika m'mawondo. Ndinamupatsa kathumba ka matemba kuti akapatse mayi ake. Anabisa manja kumbuyo, n'kundiuza kuti kunyumba anawauza kuti asamalandire zinthu za wakuba. Kenako anandifunsa kuti: "Ababa, n'zoona munaba foni ya agogo?" Ndinamuuza kuti ayi. Anangondiyang'ana, ndipo ndinaona kuti sakudziwa woti amukhulupirire.

Choncho inu owerenga, chiphaso chanu ndi dzina lanu, musachipereke kuti wina alembetsere foni, kaya ndi bwana, kaya ndi m'bale, kaya ndi mwinimbumba. Munthu wamkulu akafuna dzina la munthu wamng'ono, dziwani kuti pali chimene sakufuna kuti chipezeke pa dzina lake. Mukagwidwa, nenani zoona tsiku loyamba lomwelo, chifukwa zoona zobwera mochedwa anthu amazitcha bodza. Ndipo inu akamwini anzanga, ulemu kwa akuchikazi ndi wabwino, koma dziwani kuti pakavuta, mbumba imateteza wake. Ine ndinasunga chinsinsi cha anduna kuti ana anga asavutike, ndipo lero mwana wanga akukana kulandira matemba m'manja mwanga.