Chimake cha Chikopa pa Geti la ku Al Waab

Ndisanapite ku Doha ndinagwirapo ntchito yaupolisi kwathu, ndipo zaka zomaliza ndinkayenda ndi mfuti yaing'ono m'chiuno. Nditasiya ntchitoyo ndinapeza kontirakiti yaulonda ku Qatar. Anandiika pa geti la kompaundi ina ku Al Waab, kumene kumakhala mabanja opeza bwino ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Kumeneko mlonda sagwira mfuti. Ntchito yake ndi kukweza chitsulo cha pageti, kupereka moni, ndi kufunsa mlendo nyumba imene akupita.

Korona itafika, kampani inatipatsa kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi. Kanali ndi chogwirira komanso pokoka ndi chala, ndipo tinkakalozetsa pamphumi pa aliyense wolowa. Vuto linali posunga. M'thumba la buluku sikankakwana. Tsiku lina ndinakapanira m'khwapa ndikukweza chitsulo, kanandipulumuka n'kugwera pa simenti. Chogwirira chinang'aluka. Supavayiza wathu anachikulunga ndi tepi yakuda, n'kundichenjeza kuti zisadzachitikenso.

Mnzanga wa pageti, wa ku Chipata, ankangomangirira kake chingwe n'kukapachika m'khosi. Anandiuza kuti nanenso nditero. Ine ndinaona kuti zimenezo zikunyozetsa yunifomu. Ndinamuyankha kuti chinthu chooneka ngati mfuti chimafuna chimake, chija kupolisi tinkachitcha holusita, ndipo ine ndikudziwa chimake chabwino.

Mashopu atatsegulidwanso, ndinakwera basi tsiku la ofu kupita ku Al Doha Al Jadeeda. Kumeneko ndinapeza bambo wachikulire wa ku Pakistan wosoka nsapato ndi malamba. Anayamba kundionetsa timatumba tansalu toikamo foni, ine ndinakana. Ndinamufotokozera, m'Chingerezi ndi manja, zimene ndinaphunzira kwathu. Chikopa chikhale cholimba kuti kukamwa kwa chimake kusafwafwanyike, chifukwa chofewa chimapindikira mkati n'kukankha pokokera. Ndinaziona ndi maso anga: mnzathu wina akubweza mfuti m'chimake chotha ntchito, inalira yokha, chipolopolo n'kudutsa pambali pa phazi lake. Pokokera pabisike ponse. Pamwamba pakhale kalamba kotsegula ndi chala chachikulu cha mwiniwake. Polowa lamba pakhale pothina kuti chisamayendeyende m'chiuno.

Bamboyo anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa ngati zonsezi zinali za koyezera kutentha basi. Ndinati inde. Anapukusa mutu, koma anasoka. Nditapita kukatenga, ndinalowetsamo kachipangizo kaja, n'kutembenuza chimakecho chadodolido ndi kuchigwedeza mwamphamvu. Sikanagwe.

Nditachivala, thupi langa linakumbuka lokha kaimidwe kakale. Ndinkayenda mowongoka, dzanja lili pafupi ndi chiuno. Ndinkasangalala nacho. Chimene sindinachiganizire n'chakuti kunja kunkangooneka chogwirira chakuda chija.

Masana ena kunafika galimoto ya mayi wina amene anali atangosamukira m'kompaundimo, kumbuyo kuli mwana wake wamkazi. Ndinayandikira pawindo nditavala masiki, dzanja likupita m'chiuno monga mwa nthawi zonse. Mayiyo anayang'ana dzanja langa, anakuwa, n'kubweza galimoto chafutambuyo mpaka kumsewu. Ndinayesa kumukodola, koma anali atakweza kale magalasi, foni ili kukhutu.

Apolisi sanachedwe. Anandiuza kuti ndikweze manja ndi kuyang'ana kukhoma. Ndinachita zomwezo. Khomalo linali lotentha ndi dzuwa, ndipo kumbuyo kwanga ndinkamva anthu akusonkhana: madalaivala, atsikana antchito, osamalira maluwa, anthu amene ndinkawayeza pamphumi m'mawa uliwonse. Wapolisi mmodzi anagwira chogwirira n'kukoka, koma sichinatuluke. Anakokanso, ine n'kupendekeka. Ndinachita kumuuza ndekha, nkhope ili kukhoma, kuti akankhe kalamba ndi chala chachikulu.

Anatulutsa kachipangizo kaja. Anakayang'ana, n'kukalozetsa padzanja pake, ndipo kanalira kuti pii. Anthu anaphulika kuseka. Wapolisiyo anayesa kudzigwira, anangoti, "Khalas," kutanthauza kuti nkhani yatha. Sanandinyoze. Amene sanaseke ndi mayi uja, chifukwa mwana wake anali akulirabe.

Supavayiza anafika ali wefuwefu, ndipo atapepesa kwa apolisi ndi kwa mayiyo, anandilamula kuti ndivule chinthucho pomwepo. Polowa lamba paja panali pothina monga ndinafunira, moti chimakecho sichikanachoka popanda kusolola lamba yense. Buluku la kampani linali lalikulu m'chiuno. Ndinaima pamaso pa anthu onsewo, dzanja limodzi litagwira buluku kuti lisagwe, lina likulimbana ndi chikopa. Ine bambo wa ana akuluakulu. Sindinadzutse mutu mpaka onse anabalalika.

Kuyambira tsikulo madalaivala akafika pageti ankakweza manja m'mwamba n'kumanditcha Komanda. Wina anali atajambula zonse pa foni. Mapemphero a Lachisanu atayambiranso kutchalitchi ku Abu Hamour, ndinapeza kuti Amalawi anzanga anaonera kale. Anyamata ankabisa nkhope ndikamadutsa, kuti ndisawaone akuseka. Mkulu wina wa mumpingo anandikokera pambali.

"Achimwene, musazitengere kumtima. Anthu kuno atopa, akusowa choseka."

Ndinawathokoza, koma Lachisanu lotsatira sindinapite, ndi linzake lomwe.

Choseka ndikanachipirira. Chimene chinkandipweteka ndi mwana uja. Galimoto yawo ikafika pageti, ankatsetsereka pampando kubisala mpaka atadutsa. Ndinapempha mnzanga wa ku Chipata kuti aziwayeza ndi iye, ine ndizilowa m'kanyumba ka alonda. Anavomera osafunsa kanthu.

Nthawi imeneyo lamulo linali litasintha, munthu ankatha kusintha ntchito popanda kalata yachilolezo ya abwana ake. Ndinafunsira ku hotela ina, anandilandira kuti ndizilondera koimika magalimoto, kunsi kwa hotelayo. Supavayiza anadabwa, anati nkhani ija inaiwalika kale ndipo palibe akundithamangitsa. Ndinamuuza kuti ndikungofuna malo a mthunzi.

Mnzanga uja anandinyamulira chikwama mpaka pokwerera basi. Panjira anandiuza kuti mayi uja anafunsapo za ine, ngati ndinachotsedwa ntchito chifukwa cha iye, ndipo ankaoneka wodandaula.

"Ndimuuze chiyani, akulu?"

Ndinati amuuze kuti ndachoka mwa kufuna kwanga, ndiponso kuti apepese mwanayo m'malo mwanga. Anati adzanena. Basi inabwera, ndinakwera.