Chilombo Chinagogoda ku Chawama

Fungo la mankhwala a udzudzu limandiseketsa mpaka lero. Ndili mwana ku Chawama, amayi akapita kumsika ndinkatsala ndekha ndi katuni ya kamtsikana kopanda mnzake, kolimbana ndi zilombo zochokera kunyenyezi.

Tsiku lina chilombo chinagogoda, nkhope yobisa, thanki kumsana, manja a mphira. Ndinavala poto kumutu n'kuchimenya mthiko pabondo.

"Iwe mwana, nabwela chabe kupopela uzuzu," chinatero chikudumpha ndi mwendo umodzi. "Bamai bako bali kuti?"

Ndinachinamiza kuti akubwera pompano, n'kuchipatsa mpando, ngakhale amayi ankafika dzuwa litalowa. Dziko sindinalipulumutse, koma tsiku limenelo ndinapeza wocheza naye.